Mayi wogula usipa amene analiza galimoto yanga

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Lero ndabwera ndi umboni wa tsiku limene ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga wamkazi pamodzi ndi mdzukulu wanga. Galimoto yabwinobwino inali pomwepo, mafuta odzaza, kiyi ali m'manja mwanga, koma inakana kulira.

Ine ndine dalaivala, ndipo imvi zandipeza pa chiwongolero. Zaka zambiri ndinkayendetsa minibasi pakati pa Monkey Bay ndi Mangochi boma, ndipo kunyada ndinali nako, ndisakubisireni. Minibasi ikavuta m'mawa ndinkangokuwira oitanira pa siteji kuti tiyeni nayoni, iwo n'kuikankha, ine giya yachiwiri, kusiya kilachi, basi yalira. Mwini wake ataigulitsa ndinakhala pakhomo miyezi ingapo, kenako Mulungu ananditsegulira khomo pa loji ina cha ku Nkopola. Kumeneko anandipatsa galimoto yaikulu ya otomatiki, zija zokoka ndi matayala onse anayi. Abwana atayamba kundilongosolera kayendetsedwe kake, ndinawadula pakamwa n'kunena kuti galimoto ndi galimoto basi. Chomwe ndinatolapo ndi chimodzi chokha, chakuti imalira ndodo ya giya ikakhala pa P.

Mwana wanga Tadala anakwatiwa m'mudzi wina wa asodzi, kutali ndithu ndi msewu wa tala, ndipo mwamuna wake ali ku Joni. Pathupi pake panali poyamba, choncho amake anapita kukamudikirira. Lachinayi lina m'mwezi wa Okutobala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, amake anandiimbira foni. Anati matenda ayamba, koma anamwino a pa kachipatala ka m'mudzimo apeza kuti mwana wakhala mopingasa, ndipo akufunika ku chipatala chachikulu ku boma msangamsanga. Ambulansi inali itapita kale ndi wodwala wina. Abwana anga, Mulungu awadalitse, sanachedwe n'komwe, anangoti tengani galimoto muthamange.

Ndinathamangadi. Pamene tala anathera ndinaika zokoka matayala onse, ndipo mchenga uja umene umameza galimoto zing'onozing'ono ndinaudutsa ngati palibe kanthu. Nditafika pa kachipatala ndinaika ndodo pa P, kuzimitsa injini, n'kutsika kukathandiza kunyamula mwana wanga. Tinamugoneka pa mpando wakumbuyo, mutu wake pa miyendo ya amake, ndipo namwino mmodzi anakwera nafe. Ndinakhala pa chiwongolero, ndinapotokola kiyi. Nyali za pa dashibodi zinayaka zonse, koma injini zii! Ndinapotokolanso kachiwiri, kachitatu, ngakhale kakuti tche sikanamveke.

Abale, thukuta limene linatuluka pamenepo silinali la dzuwa la ku Mangochi lokha ayi. Ndinatsegula boneti, ndinagwedeza mawaya a batire, ndinamenyamenya mitu yake ndi sipanala, koma palibe chinasintha. Anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo asodzi amene ankasoka maukonde pafupi anabwera mothamanga. Mmodzi anathamangira kwawo n'kubwera ndi batire imene amayatsira nyali zokopera usipa pa nyanja. Tinaimanga m'malo mwa yanga, ndinapotokola kiyi, zii yemweyo. Tinabwezeranso yanga.

Apo m'pamene ndinachita chimene dalaivala aliyense wa minibasi akanachita. Ndinakuwa kuti tiyeni tiikankhe! Amuna aja anavula malaya, ndipo ena anathyola makhwatha a migwalangwa n'kuyala pansi kuti matayala asamire. Ndinaika ndodo pa N kuti iyende, iwo n'kuikankha ndi nyimbo yawo yokokera khoka, ndipo itatenga kaliwiro ndinaponya ndodo pa D, phazi langa lamanzere likufunafuna kilachi amene kulibe. Galimoto inangogwedezeka n'kuima. Tinabwereza katatu, mpaka tinakafika pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa, amuna aja ali wefuwefu. Nthawi yonseyo mwana wanga akugwedezeka kumbuyoko, akubuula, akuitana dzina langa.

Namwino anatsitsa galasi n'kundiuza motsitsa mawu kuti nthawi ikutithera. Wa kabaza wa njinga yamoto analipo, koma munthu amene sakutha n'kukhala tsonga komwe ungamukweze bwanji pa njinga? Ndinaimbira makaniko wa ku loji, foni yake osapezeka. Ndinayang'ana nkhope ya amake Tadala, ndipo mphamvu zinandithera. Ine munthu wamkulu, ndinagwada pa mchenga wotentha pafupi ndi tayala lakutsogolo, ndinalira ngati mwana. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinangoti Ambuye, nzeru zanga zathera pano, musalole kuti mwana wanga afere m'galimoto imene ndabweretsa ndekha.

Tsono ndiyenera kuvomereza tchimo langa. Pamene tinkayamba kukankha paja, mayi wina wovala mpango wophimba kumutu mpaka m'mapewa, amene ankagula usipa pa mathandala, anali atayandikira n'kunena kuti, "Bambo, galimoto imeneyi sakankha." Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinamuyankha pagulu kuti, "Mayi, pitani mukawerenge ndowa zanu za usipa, izi ndi za amuna." Anthu ena anaseka. Iye anangobwerera pa thandala lake.

Nditadzutsa mutu pa pemphero paja, ndinaona mapazi a mayi yemwe uja ataima patsogolo panga. Sanandikumbutse mawu anga, sanadikirenso kuti ndimupemphe. Anangoti, "Dzukani bambo, khalani pa mpando wanu. Imbani hutala."

Ndinaimba, ndipo inalira mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika. Anandiuza kuti ndiyatse nyali zazikulu, iye n'kuima kutsogolo, ndipo anati ndipotokole kiyi akuyang'ana. Nyali sizinachepe mphamvu ngakhale pang'ono. Pamenepo anati batire ilibe mlandu, tisavutike nayonso. Kenako anabwera pa windo, anatchera khutu, nati ndipotokolenso. Atamva kuti ngakhale sitata sikugogoda, anagwedeza mutu ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake wakale.

Anandifunsa kuti ndodo ili pati, ine ndinati pa P, pamene imayenera kukhala. Iye anati, "Inu mukuona P, koma galimotoyo sikudziwa kuti ili pa P. Pondani buleki kwambiri, osasiya. Kokerani ndodo pa N. Tsopano lizani, Bismillah."

Mumtima ndinati pa N ndakhala ndikuikapo nthawi yonse yokankha ija, koma zoona zake n'zakuti sindinapotokolepo kiyi ili pamenepo ngakhale kamodzi. Ndinaponda buleki, ndinakoka ndodo, ndinapotokola. Abale inu, injini inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati sinavutepo! Asodzi aja anakuwa, amayi analuluta, amake Tadala anangoti Yesu, Yesu, Yesu. Mayi uja anamenya denga la galimoto ndi chikhatho n'kunena kuti, "Musaizimitsenso mpaka mukafike. Zokoka matayala onse muchotse mukafika pa tala. Thamangani!"

Msewu wa ku boma ndauyenda kosawerengeka, koma tsiku limenelo sindinaone mudzi ngakhale umodzi. Titafika, madokotala anamulandira Tadala n'kulowa naye kochitira opaleshoni, ine n'kutsala panja galimoto ikulirabe, chifukwa ndinkaopa kuigwira kiyi. Cha m'ma 3 koloko namwino uja anatuluka akumwetulira n'kutiuza kuti wachira, mwana wamkazi. Anawonjezera kuti tikanachedwako pang'ono, nkhani ikanakhala ina. Ndinakhala pansi pa khonde la chipatala n'kuthokoza Mulungu.

Mawa lake makaniko wa ku loji analowa pansi pa galimoto n'kutulutsa kalabala kakang'ono kotha, kochepa kuposa chivindikiro cha botolo. Anati kameneko kamagwira waya wochokera ku ndodo ya giya, ndipo mabampu ndi mchenga zinakamaliza, moti ndodo inkaonetsa P pamene mkati giya sinafikepo. Galimoto za otomatiki anazipanga kuti zisalire pokhapokha zitatsimikiza kuti zili pa P kapena pa N, kuopa kuti zingadumphire munthu. Anandiuzanso kuti kukankha kuja kukanatha kuononga giyabokisi yonse. Zimene makaniko anapeza atagona pansi ndi tochi, mayi uja anazipeza ndi khutu, manja ake akununkha usipa.

Patapita sabata ndinabwerera kumudzi kuja kukamufunafuna. Asodzi anandiuza kuti ndi Abiti Saidi, amagula usipa n'kukagulitsa ku Limbe. Amuna awo atamwalira anawasiyira galimoto yakale ya otomatiki, ndipo m'malo moigulitsa anaphunzira kuiyendetsa okha. Tsiku lija inali itapita ndi katundu, mchimwene wawo akuyendetsa. Ndinawapeza pa thandala lomwe lija akutembenuza nsomba, ndipo ndinavula chipewa. Anandiuza kuti vuto lomwelo linawagwirapo panjira ali okha, ndipo kuyambira pamenepo makaniko akamakonza galimoto yawo sapita kukakhala pa mthunzi, amaima pomwepo n'kumafunsa.

Ndinawapepesa pamaso pa anthu omwe aja amene anaseka. Ndinati mayi, ndinakunyozani, mwina simunamve bwino zimene ndinanena, koma zinali zoipa. Iwo anaseka pang'ono nati, "Ndinamva ndithu, bambo, ndipo zinandiwawa. Koma ndinamvanso mwana wanu akubuula." Kenako anatapa usipa wodzaza jumbo, nati ndikapatse Tadala kuti mkaka ubwere. Ine amene ndinapita kukathokoza ndinabwerako nditanyamula mphatso.

Kunena zoona, mayi ameneyu ndimamusirira. Ine munthu akanandinyoza chotero pagulu, ndikanakhala pa thandala langa n'kumaonerera, ndikudzidziwa. Iye amapemphera ku mzikiti, ine ku tchalitchi, koma nditagwada pa mchenga paja Mulungu sanatume wina ayi, anatuma yemweyo amene ndinamuthamangitsa. Yankho linali litafika ndisanapemphere n'komwe, ine n'kulibweza ndi pakamwa pangapa.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanandibwezere monga mwa kunyada kwanga. Ndikuthokozanso asodzi aja amene anakhetsa thukuta chifukwa cha mwana wa munthu wosamudziwa, namwino amene sanatisiye, ndi abwana anga. Inu amene zakukanikani lero, kaya ndi matenda, kaya ndi ntchito, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera. Koma mukamapemphera muzimvanso amene akukulankhulani pambali, ngakhale ataoneka kuti si woyenera kudziwa.

Mdzukulu wanga tsopano akukwawa, ndipo wamera mano awiri. Dzina la ubatizo ali nalo, koma pakhomo pathu palibe amene amalitchula. Tonse timamuitana kuti Abiti, ndipo akamva amatembenuka. Ambuye akusungeni nonse, amen.