Pepala Langa Likufunditsa Nkhuku za a Haswell

Mmisiri Haswell anandibera pepala lonyezimira lomwe ndinagula kuti aliyale pansi pa malata a shedi yanga ku Chikomeni. Anandinamiza kuti lili pamwamba pa mphasa za kudenga. Tsopano m'mawa uliwonse malata amachita thukuta n'kumadonthera fodya wanga. Dzulo pa siteji ya minibasi za ku Chipata ndinamva amayi awiri osadziwana akucheza.

"Amama, pulasitiki wakudayu ngwa chiyani?"

"Ndikayale pansi pa malata. Shedi yanga ikudontha, chonsecho kulibe mvula."

"Mwaluza! Ameneyo ikafika Okutobala amathetheka ngati tsamba louma."

"Nanga udzu?"

"Udzu wokha umamwa chinyezi n'kuola. Makoswe amatsegulamo sukulu."

"Ndiye ndiike chiyani, anzanga?"

"Pepala lonyezimira lija. Muliyale musanakhome malata, polumikiza mumate ndi tepi. Kwathu lili m'khola la nkhuku. Masana sizipuma wefuwefu, m'mawa sizinyowa."

"Nkhuku zanu ndi mabwana! Munaligula kuti?"

"Kugula? Amuna anga, a Haswell, anabwera nalo kuchokera ku shedi ya mayi wina wamasiye ku Chikomeni."

"Nanga mwiniwake akadandaula za kudontha?"

"Akuti adzamuuza kuti ndi malemu amuna ake akumulirira!"

Onse awiri anaseka mpaka kuombana m'manja.

A Haswell, amuna anga sanandilirirepo ali moyo, sangayambe lero. Ndiyankheni: pepala langa mubweza liti? Kapena fodya wanga ndidzamusunge m'khola lanulo?