Bambo Isaiah Namakhwa, Wolawa Tiyi Amene Anapita ndi Magazi Awo Kukafunsa

Malemu amene tikuwaperekeza lero, bambo Isaiah Namakhwa, anabadwa pa 9 Juni 1944 kuno kwa Khwethemule, tsidya la mtsinjewu. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, kudzagwira thangata pa esiteti. Ine wowerenga mbiriyi ndine Stafford, mng'ono wawo, uja anachoka mu 1973 n'kubwerako imvi zili mbuu. Mundipirire ikatalikirapo. Pali dzina limene malemu anapatsidwa m'mudzi muno, ndipo banja silikufuna kuti iwo akalowe m'manda dzinalo n'kutsala pamutu pa akazi awo.

Sukulu anayamba mu 1953 ku mishoni, nalekezera Sitandade 6. Aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu mafunso ake satha: ankafuna kudziwa chifukwa chake chiperoni chimakonda Thyolo osati Chikwawa, ndiponso kumene moto umapita ukazima. Anakwapulidwa kangapo. Sanasinthe.

Mu 1961 analembedwa ntchito yotchola tiyi, ndipo mu 1966 anawatengera ku fakitale kukatsuka makapu m'chipinda cholawira. Bwana wachizungu akatuluka, iwo ankalawa zotsalira, kufuna kumva chimene mzunguyo ankasaka m'makapumo. Atagwidwa sanachotsedwe ntchito. Anapatsidwa supuni yawoyawo. Kuyambira pamenepo ankadyera lilime: kumwa pang'ono, kuzunguza m'kamwa, kulavula, n'kunena kuti uyu ndi wa kumtunda, uyu anachedwa kutcholedwa.

Mu 1970 anamanga banja ndi mayi Lestina a m'mudzi uno, ndipo atapuma ntchito mu 1999 anadzakhazikika pano pa chikamwini. Ine nditabwera mu 1995 ndinapeza mitengo ya kuphiri itasanduka makala, sitima ya ku Luchenza imene tinkadziwira nthawi ikubwera ikafuna, anzanga ambiri ali kumanda. Zimene ndinazipeza monga ndinazisiyira zinali ziwiri basi: tiyi, ndi mafunso a achimwene.

Mu Meyi 2002 kachilonda kanatuluka m'mbali mwa lilime lawo. Anayesa madzi a mchere, anayesa mapiritsi a pagolosale. Pofika Ogasiti khosi linatupa. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anauzidwa kuti ndi khansa ya m'kamwa, ndipo inali itatsikira kale kukhosi. Anawadula mbali ya lilime, koma makina owotchera nthendayi m'dziko muno mulibe. Nthenda inadziwa pomenya.

Kuchipatalako kunali adokotala achitsikana, a Jean, amene ankachita kafukufuku pa odwala khansa ya m'kamwa ndi m'khosi. Ankapempha timagazi tosadzaza n'komwe kapu yolawira, ndipo ananena poyera kuti izi sizichiritsa munthu. Ena anakana, unali ufulu wawo. Malemu anati apereka, koma ayambe auzidwa chimene chikusakidwa m'magazimo. Ndinali nawo pabenchi tsiku limenelo, ndiye ndikuuzani monga tinamvera.

M'magazi muli asilikali a m'thupi, aja timawamva pa wailesi. Msilikali aliyense amanyamula malangizo onse achibadwa amene munthu anatengera kwa makolo ake, koma sawagwiritsa ntchito onse nthawi imodzi. Ena amakhala maso, ena ali mtulo. Adokotala ankafuna kuona kuti mwa wodwala khansa ndi malangizo ati amene adzuka ndi ati amene agona, poti zikuoneka kuti chotupa chimatha kunyengerera asilikaliwo kuti azingochiyang'ana chikukula.

Malemu anafunsa ngati zili ngati tiyi wa ku nazale: nthambi zonse zodulidwa pa tsinde limodzi, koma wobzalidwa kumtunda n'kumanunkhira, wa kudambo n'kukhala madzi okhaokha. Adokotala anati sizofanana ndendende, koma n'zoyandikana. Ulendo wonse wobwerera mu minibasi achimwene ankangomwetulira, ngati apatsidwa mankhwala.

Apa ndi pamene panalakwika. Kuti kusiyana kuoneke, pankafunikanso magazi a anthu abwinobwino a msinkhu womwewo. Malemu anazigwira msanga, pakuti wolawa tiyi salawa kapu imodzi yokha, amaika inzake pambali yoyerekezera. Palibe anawatuma. Mu Novembala 2002 anayenda khomo ndi khomo m'mudzi muno, ndi lilime loperewera lija, kupempha amuna anzawo kuti akapereke magazi ku Blantyre. Awiri anavomera n'kupita nawo: a Goodson ndi a Benard.

Mwezi wotsatira mphekesera ya anamapopa inafika. Mukukumbukira nonse. Inali nthawi ya njala, ndipo kunkamveka kuti magazi a amphawi akusinthidwa ndi chimanga. Pano sipanafunike kusaka namapopa patali. Munthu wopempha magazi anali atagogoda kale pakhomo pa aliyense. Pa 28 Disembala nyumba iyi inagendedwa, mbuzi zinaphedwa, ndipo mayi Lestina anathyoka dzanja potchingira amuna awo.

Ine ndakhala m'maiko momwe anthu amaima pamzere kupereka magazi, akatha n'kupatsidwa bisiketi ndi tiyi wathu yemweyu. Ndinapsa mtima, ndinafuna kupita kupolisi. Malemu anandiletsa. Anati anthu amene analandidwa malo, nalandidwa thukuta, sangachedwe kukhulupirira kuti magazi nawonso akutengedwa, ndipo wolakwa ndi iwo eni malemuwo, amene anapempha chinthu chachilendo pa chaka choipa. Chimene chinawadabwitsa, ankati, n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzawafunsa. Munthu woti moyo wake wonse unali kufunsa sankamvetsa zimenezi.

Mphekesera inatha chimanga chitacha, koma dzina linatsala. Kuyambira tsiku lija palibe mayi wa m'mudzi muno amene anabwera kudzapala moto kwa mayi Lestina. Akafika pa mjigo, nkhani zimatha.

Chaka chino mawu a malemu anayamba kuzimirira. Funso lawo linatsala limodzi: asilikali aja anagonekedwa, kapena anangotopa? Tikapita kuchipatala ankalifunsa ndi manja. Adokotala ankayankha mosabisa kuti sanadziwebe, kafukufuku amatenga zaka, ndipo yankho likadzapezeka lidzathandiza ena. Malemu ankagwedeza mutu, osakhumudwa. Mawu omaliza amene ndinawamva bwinobwino anali awa: "Iwe Stafford, ukawauze kuti magazi anga sindinagulitse. Ndinapita nawo kukafunsa."

Anatisiya m'mawa wa Lachiwiri pa 17 Ogasiti 2004, ali ndi zaka 60, yankho asanalimve.

Asiya akazi awo, mayi Lestina. Ana anayi, a Esnat, a Thom, a Josephine ndi a Mtisunge. Zidzukulu khumi ndi chimodzi. Ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza amfumu potipatsa malo, abusa ndi amayi a mpingo, adzukulu amene akumba manda, ndi adokotala a Jean amene atumiza nsalu. Tikuthokoza mwapadera a Goodson ndi a Benard. Muwayang'ane bwino, akhala apo. Magazi awo sanathe. Miyezi yonseyi akhala akudzasambitsa mnzawo, kulowera khomo lakuseri. Lero apempha okha kunyamula bokosi kutsogolo.

Za mazenera ndi mbuzi banja silikufunsa kanthu. Koma ana agwirizana kuti kumeta kukatha Loweruka, amayi awo awatengere ku Blantyre. Mayi Lestina anabadwira pano, mchombo wawo unakwiriridwa pano, ndipo sakufuna kuchoka. Andituma kuti ndinene kuti mayi mmodzi yekha akabwera ndi phale kudzapala moto pakhomo pawo lisanafike Lowerukalo, atsala. Akuti moto wa pamaliro suwerengedwa.

Achimwene, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo kumene mwapitako akuyankheni.