Andisankha kuti ndiperekeze anzanga ku imigireshoni

Aulutsi, dzina langa musatchule. Ndili kunja, mumzinda wa Perth. Ndinabwera nthawi imene migodi inkalemba aliyense, koma ntchito itatha viza nayonso inatha. Zaka zonsezi ndimagwira maganyu a zomangamanga mobisala. Kutchalitchi kwathu ku Mirrabooka ndinanama kuti mapepala ndili nawo, chifukwa Amalawife sitisunga chinsinsi.

Lamlungu abusa analengeza kuti malamulo asintha, okhalitsa opanda viza mwina awaganizira akakaonekera okha ku imigireshoni. Anzathu atatu opanda viza anaimirira. Abusa n'kuloza ine: "Bambo, inu zanu zili bwino, muwaperekeze Lachinayi."

Mpingo wonse m'manja! Mkazi wanga anangowerama.

Ndakwiya, aulutsi. Akuti "mwina". Mwina n'chiyani? Moyo wa munthu ungauike pa mwina? Ndikakalowa muofesimo n'kundifunsa pasipoti, akhoza kundigwira pomwepo, ana anga awiri n'kutsala. Ndikakana kupita, mpingo udziwa, ndipo wina akandinenera.

Dzulo mmodzi wa atatuwo anandiimbira: "Achimwene, mukakhalapo inu mtima wanga ukhala m'malo."

Ndinangoti tikumana pa basi. Mkazi wanga wangondilongedzera zovala zosinthira ndi mankhwala anga a BP.