Bambo wocheza ndi khanda pamzere wa sikelo

Pamzere wa sikelo ya ana, makaniko wina atavala ovolosi ananyamula khanda lake n'kumaliuza chilichonse chodutsa: njinga, galu, chidebe. Mayi amene anali kumbuyo kwake anatopa nazo.

"Bambo, mwatiboola m'makutu. Kamwana kopanda ndi dzino lomwe kakumvani chiyani?"

"Ndikulankhula ndi mwana wanga, mayi, osati inu."

"Ine ndalera ana anga onse, sindinachezepo ndi khanda ngati wamisala. Mpatseni foni aonere, tipumeko."

Makaniko uja anamva mtima kuwawa.

"Foniyo imamuyankha akati 'aguu'? Anamwino anandiuza kuti ubongo wake ukukula panopa, ndipo umafuna mawu monga mimba ifunira mkaka."

"Imeneyo ndi ntchito ya amake. Ali kuti, akukonzetsa tsitsi?"

"Samalani pakamwa panu. Amake akudwala. Chibadwire mwanayu, iwo amangokhala pampando kuyang'ana khoma, osalankhula, osaseka. Nanenso ndikhale duu kuti inu mupume? Akulire m'nyumba ya zii?"

Mayi uja nkhope sanamasule.

"Ndiye mukulakwitsatu. Mwamuyang'anitsa kumsewu, mawu akungomudutsa pamutu. Mtembenuzeni aziona pakamwa panu. Mukanena mawu awiri muzidikira nayenso ayankhe, osangobwebweta ngati wailesi."

"Si inu mumati ndine wamisala?"

"Sindinabweze mawu anga. Tamutembenuzani mwanayo."