Nkhuku ya Ankhoswe Inabwerera

Anzanga omvera, zanga zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanalankhule. Amuna anga, oyendetsa lole za ku Zambia, ankandimenya koopsa. Ndinakadandaula ku ofesi yosamalira anthu pa boma la Mchinji. Mayi wa mu ofesimo analemba zonse, ngakhale mudzi umene ndinathawirako ndi ana.

Patapita zaka, mlamu wanga anandiuza kuti ankhoswe akuchimuna anapita ku ofesi ija nthawi imeneyo atanyamula nkhuku, kukafunsa kumene ndinathawira.

"Banja limeneli ndinamanga ndine, palibe chondibisira," anatero ankhoswewo.

Mayi uja anayankha kuti, "Unkhoswe wanu ndikuulemekeza, bambo, koma lamulo silindilola kuulula zimene mayiwo anandiuza."

Nkhuku inabwerera kwawo kwa ankhoswe ku Kamwendo, ndipo ana anga anakula mayi awo ali moyo. Inu a m'maofesi otere, dziwani kuti pakamwa panu pamakhala moyo wa munthu.