Ng'ombe Yamkaka ya a Benedita

A Benedita a ku Likhubula anafika pa Boma atatchena ngati akupita ku ukwati: nsapato, chikwama ndi wotchi, zonse zobwereka kwa anzawo a Eneles, amene anawalangiza kuti ku ofesi mmphawi amangoswera pabenchi. Ankafuna loya waulere wa boma, poti mlamu wawo anawasumira kukhoti kuti awalande munda wa chinanazi umene amayi awo anawasiyira.

Kalaliki, dzina lake Winston, anatulutsa fomu.

"Ndikufunsani za chuma chanu, mayi. Mbuzi muli nazo?"

A Benedita anakumbukira mbuzi za aneba zimene zimawathera chinangwa. "Zisanu ndi ziwiri."

Winston analemba. "Nyumba ndi yaudzu?"

"Iii! Achimwene, ine ndikuoneka ngati wogona m'nyumba yaudzu?"

"Sindilemba maonekedwe, mayi. Ndimalemba zimene mwanena."

"Yamalata. Pansi simenti."

"Alipo amene amakutumizirani ndalama?"

"Mwana ali ku Joni." Anakweza mkono kuti wotchi ioneke. Zoti mwanayo anasiya kuimba foni zaka zitatu zapitazo anazimeza.

"Njinga?"

"Yamoto."

Winston anadzutsa mutu. "Mayi, mukutsimikiza?"

"Lembani, inu! Mukufuna a loya aziti ndabwera kudzapemphetsa? Chatsala n'chiyani pamenepo?"

"Ng'ombe."

"Ikanipo imodzi. Yamkaka."

Winston anawerenga fomu yonse mosathamanga, a Benedita akugwedeza mutu monyadira, ngakhale nsapato zinkawaluma zala.

"Zikomo, mayi. Apa ndiye simungapeze loya waulere. Thandizoli ndi la anthu osowa. Inu mudzilipirira nokha. Mukagulitsa ng'ombeyo, zikwana."

M'maganizo mwawo, a Benedita anaona mlamu wawo akukolola chinanazi chija, akuimba likhweru.

"Ng'ombe iti?"

"Yamkaka."

"Inafa."

"Liti?"

"Pompano."

"Pepani kwambiri." Winston anaifufuta. "Ndiye mugulitse njinga yamoto."

"Ndi ya kabaza. Ndinangokwerapo pobwera kuno."

"Mbuzi zija?"

"Kwathu zimangobwera kudzadya. Kogona zili nako kwina."

"Malata?"

"Alipo awiri. Ndinatchingira chimbudzi."

"Nanga mwana wa ku Joni?"

"Mukamuona mumuuze kuti amake akadali moyo."

A Benedita anawerama, n'kuvula nsapato, n'kuziika patebulo. Anamasula wotchi, n'kusanjikizapo chikwama. Zala zakuphazi zinapuma.

"Izinso ndi za a Eneles. Akuzifuna isanakwane folo, ali ndi kwaya."

Winston anayang'ana fomu yodzaza mizere yofufuta, n'kutenga ina yatsopano. "Apa ndiye mukuoneka kuti muthandizidwa. Koma ndiyenera kulembapo kanthu. Chanuchanu n'chiyani, mayi?"

A Benedita anakhala tsonga, osavala nsapato, ulemu wonse uli pomwepo.

"Mlanduwo, mwananga. Ndi wokhawo umene sindinabwereke."