Kanungu pa Bedi la Adyo

Mumzinda wa Plovdiv adyo sadikira munthu: likangodutsa tsiku lokumbukira Dimitar Woyera, nthaka imauma gwa ndi chisanu. Litatsala tsiku limodzi, mayi Ginka anatuluka kuseri kwa nyumba ndi adyo m'mbale, n'kupeza amuna awo a Zahari ali phee pa benchi, mulu wa masamba a mpesa uli pomwepo pa bedi lobzalapo adyo.

"Bambo, simunasese?"

"Ndasesa konse. Patsala apo."

"Apo ndiye pofunika! Adyo ndibzala pamutu panu?"

"Tsitsani mawu," anatero a Zahari, chala chili pamlomo. "Munati ndisese koma ndisadzutse wogona."

"Ndimanena mayi anga m'nyumbamu!"

"Simunatchule dzina. Umu mwagona kanungu."

Mayi Ginka anaika mbale pansi. Zaka makumi anayi za banja zinali zisanawaphunzitse kulankhula ndi bamboyu mosasiya kampata.

"Kadzutseni."

"Kadzuka kokha."

"Liti?"

"Malichi, chisanu chikatha."

"Malichi! Inu mutu ukuyenda bwino? Kanyamuleni ndi fosholo, mukaponye kwa aneba athu a Kolyo!"

"A Kolyo ali ndi galu. Komanso kamakugwirirani ntchito aka. Nkhono zomwe zinkatha kabichi wanu mukuyesa zinasamuka zokha?"

"Ndiye ndikalembere kalata yothokoza? Patseni tsachelo!"

Analanda tsache, nagwada, nayamba kukankha masamba mwaukali. Kenako dzanja linaima. Kanthu kaminga kanali katadzipinda ngati mpira wa masokosi, kakupuma pang'onopang'ono. Mtima wa mayi Ginka unasungunuka, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa kwambiri.

"Kowonda chonchi? Mumakapatsa chiyani?"

"Simunati ndizikapatsa kanthu."

"Ndipo timasamba tochepa iti n'kumati mwakafunditsa? Munthu wouma mtima inu! Ena aja mwataya kuti?"

"Munati nditaye."

"Kawatengeni! Ndipo yendani monyang'ama, mukadzutsa."

A Zahari anadzuka akumwetulira, poti kupambana sikunkawachitikira kawirikawiri.

"Ndiye chaka chino adyo kulibe?"

"Wanena ndani? Nyamulaninso benchi yanuyo. Pamenepo pamawomba dzuwa bwino, ndibzala pomwepo."

Kumwetulira kuja kunazima.

"Nanga ine ndizikhala pati?"

"Muziima," anatero mayi Ginka akukokera masamba pa kanungu. "Pabwalo pano waulesi mmodzi akukwana, ndipo uyu amadyako nkhono."